Gemu ikudukiza pomwe ma FPS ali bwino: kayikirani choyezeracho

Wowerenga wina wa ku Kapata, muno mu Chipata, watilembera motere: "Ndinagula laputopu yogwirapo kale ntchito ku Lusaka, ya Core i5, RAM ya 8 GB ndi RTX 3050. Masabata oyamba GTA V ndi EA Sports FC zinkayenda bwinobwino. Kutentha kwa Okutobala kutayamba ndinachita mantha kuti ingapse, ndiye ndinaika MSI Afterburner kuti ndiziona kutentha ndi ma FPS pakona pa sikirini. Mnzanga anandiwonjezera HWiNFO, ndipo ndinayatsanso manambala a mu NVIDIA App. Tsopano gemu imadukiza. Imaima pang'ono n'kupitiriza, pafupipafupi, ngakhale nditangoima malo amodzi. Koma nambala ikuonetsa 70 kapena 80, ndipo kutentha sikupitirira madigiri 78. Anzanga akuti GPU yayamba kufa. Ndiigulitse, kapena ndipite nayo akasinthe thermal paste, phala lija lothandiza kuchotsa kutentha?"

Musaigulitse, achimwene, ndipo amisiri ayambe adikira ndi masikuludilaivala awo. GPU, chipangizo chojambula zithunzi za gemu (yanuyo ndi RTX 3050 ija), ikamafa siichita ulemu wotere. Imatulutsa timizere ndi timabokosi tamitundumitundu pa sikirini, imatseka gemu yokha, mwina sikirini kuda bii kompyuta n'kuyambiranso. Yanuyo ikukupatsani mafelemu 70 pa madigiri 78, ili moyo ndithu. M'kalata yanu ndatolamo zinthu ziwiri. Vuto linayamba mutaika zoyezera, ndipo limachitika ngakhale mutangoima. Munthu akaima malo amodzi mu gemu, palibe nyumba zatsopano zoti zikokedwe kuchokera pa disiki, palibe galimoto yophulika, ntchito ya felemu iyi ndi yofanana ndi ya inzake. Ikadukizabe pamenepo, chodukizitsacho kawirikawiri chimachokera kunja kwa gemu. Ine ndikukayikira alonda amene munawalemba ntchito aja, mapulogalamu oyezerawo. Walira mvula walira matope.

Tiyambe ndi nambala imene yakugonekani tulo. FPS ndi kuchuluka kwa zithunzi, kapena kuti mafelemu, zimene kompyuta yajambula pa sekondi imodzi. Imakuuzani kuti zonse pamodzi zinali zingati, koma sinena kuti zinafika motalikirana bwanji. Pa ma FPS 60, felemu iliyonse iyenera kutenga mamilisekondi 16.7. Pa 144, pamene masikirini ambiri a malaputopu a magemu amafika, ndi mamilisekondi 6.9 okha. Tiyerekeze kuti gemu ikuyenda pa 60, ndiye m'sekondi imodzi felemu imodzi yokha yachedwa, yatenga mamilisekondi 50, zinzake zonse zabwera pa nthawi yake. M'mamilisekondi 950 otsalawo mulowa mafelemu 57, kuphatikiza yochedwa ija akwana 58. Pakona palembedwa 58, inu n'kumati zili bwino. Koma diso laona chithunzi chitauma kwa nthawi ya mafelemu atatu, ndipo chala chimene chimafuna kuponya shoti chamva. Zili ngati basi yochokera ku Lusaka imene yafika pa siteshoni pa ola lake, koma dalaivala wake amaponda buleki mwadzidzidzi njira yonse kuchokera ku Luangwa. Wolemba nthawi pa geti alibe dandaulo. Amene anali m'katimo akutsika atagwira makosi.

Choncho chimene muyenera kuyang'ana ndi frametime, nthawi imene felemu iliyonse yatenga, ndipo muione ngati mzere wojambulika, osati nambala. Gemu ikamayenda bwino mzerewo umagona ngati chingwe choyanikapo zovala. Ikamadukiza, pa mzerepo pamatuluka minga yoloza m'mwamba. Minga imeneyo ndiye mboni zathu pa mlanduwu.

Mwina mukudabwa kuti pulogalamu yongowerenga kutentha ingachedwetse bwanji gemu. Ambiri amaganiza kuti manambalawo amangokhala poyera, pulogalamu n'kungowasuzumira. Ayi, amachita kufunsidwa, ndipo mafunso amasiyana kulemera. Taganizirani mayi akutakasa nsima pa mbaula, mwana n'kumamufunsa. "Amama, moto ulipo?" Limenelo amayankha mthiko uli m'manja. "Nanga nyemba za kuseri zija zapsa?" Apo ndiye mpaka mthiko uikidwe pansi, anyamuke, akavundukule poto, abwerere, ndipo pofika nsima yachita mibulu. Masensa a kompyuta, tizipangizo toyeza kutentha ndi zina, ali chimodzimodzi. Kutentha kwa CPU, ubongo wa kompyuta, kumawerengedwa mwachangu kwambiri chifukwa nambalayo ili m'kati mwa CPU momwemo. Koma mavoteji, liwiro la mafani, magetsi amene GPU ikudya, kutentha kwa RAM, thanzi la disiki, zambiri mwa izi zimasungidwa m'tizipangizo tina pa bolodi, ndipo njira zopitira kumeneko ndi zopapatiza. Njira yotchedwa SMBus, imene imanyamula mafunso opita ku RAM ndi ku tizipangizo tina, mwa kapangidwe kake kakale imayenda pa 100 kHz, pomwe CPU yanu imatha kupitirira 4 GHz. Kusiyana kwake ndi maulendo 40,000. Mu laputopu mulinso kachipangizo kotchedwa Embedded Controller, kamene kamasamalira mafani, kiyibodi, batire ndi chaja. Kali kale ndi ntchito zake, ndiye ukakafunsa kamayankha pa nthawi imene kapeza mpata. Mafunso ena opita ku GPU amadutsa m'madalaivala (mapulogalamu oyendetsa GPU) omwewo amene gemu ikudutsamo potumiza ntchito yojambula. Khomo ndi limodzi. Wina akaima pakhomopo, mnzake adikira, ndipo pa 144 kudikira kwa mamilisekondi 7 okha ndi felemu yathunthu yotayika.

Tsono inu simunatumize mwana mmodzi kwa mayi uja. Afterburner, ikangoikidwa osasintha kanthu, imafunsa pa mamilisekondi 1000 aliwonse, kamodzi pa sekondi. HWiNFO imafunsa pa mamilisekondi 2000. Manambala a NVIDIA App ali ndi nthawi yawoyawo. Wachinayi simunamutchule koma ndikukhulupirira kuti alipo: pulogalamu imene inabwera ndi laputopu yolamulira mafani ndi magetsi a kiyibodi, kaya ndi Armoury Crate, NitroSense, OMEN Gaming Hub kapena Lenovo Vantage, malinga ndi mtundu wa makinawo. Anayiwa sauzana mayankho. Aliyense amapita yekha kukafunsa funso lomwelo, ndipo akakumana pa khomo limodzi nthawi imodzi, munga umatalika.

Ubwino wake ndi wakuti wakuba ameneyu amayenda ndi wotchi. Kudukiza kochokera ku masensa kumamveka ngati munthu akusinja pa mtondo: thi, thi, thi, motalikirana mofanana. Kudukiza kwa mitundu ina kulibe mwambo wotere. Ndiye chitani izi. Lumikizani chaja, tsegulani GTA V, pitani malo opanda magalimoto ambiri, muime chopenya khoma. Mu Afterburner lowani mu Settings, kenako Monitoring, sankhani Frametime, chongani "Show in On-Screen Display", ndipo pambali pake musinthe pa text kupita pa graph. Bwererani mu gemu, muyang'ane mzere uja kwa masekondi 30 mukuwerenga chamumtima. Minga ikamabwera pa sekondi iliyonse, kapena pa masekondi awiri aliwonse, mwayandikira. Tsopano pamwamba pa tsamba lomwelo la Monitoring pali "Hardware polling period". Sinthani 1000 ikhale 3000. Mukabwerera n'kupeza kuti minga yatalikirana, ikubwera pa masekondi atatu aliwonse, mlandu watha, palibenso chokambirana za GPU yakufa. Ikakhalabe pa masekondi awiri, pitani mu HWiNFO mukasinthe Polling Period yake ikhale 5000 n'kuonanso. Njira imeneyi ndimaikonda kuposa zonse chifukwa siifuna bandulo ndipo siifuna kuchotsa chilichonse. Mwangosuntha wotchi ya woganiziridwayo n'kuona ngati kudukiza kwamutsatira.

Pali chinanso chimene ambiri sachidziwa. Chimene mumachitcha Afterburner ndi mapulogalamu awiri, onse olembedwa ndi munthu mmodzi, Alexey Nicolaychuk, amene pa intaneti amadziwika kuti Unwinder. Afterburner ndiye wofunsa masensa. RivaTuner Statistics Server, mwachidule RTSS, ndiye wolemba manambala pamwamba pa gemu. Ntchitozi zimatha kulekanitsidwa. Tsekani Afterburner yonse, mutsegule RTSS payokha, muyatse "Show own statistics", ndipo mu Setup muchonge "Enable frametime history overlay". Mudzaona ma FPS ndi mzere wa frametime popanda sensa ngakhale imodzi kufunsidwa. Mzere ukagona, dziwani kuti vuto linali kufunsa. Ukakhalabe ndi minga, vuto lili kwina, mwina pa kulemba komweko kapena kwa mlonda wina amene sanachoke.

Tinene kuti mwapeza kuti ndi Afterburner. Musafulumire kuichotsa, pulogalamuyo ndi yabwino, chimene chalakwika ndi kuchuluka kwa mafunso. Pa mndandanda wa "Active hardware monitoring graphs" yambani ndi mizere iwiri ya GPU yolembedwa Power, umodzi wa mawati, wina wa maperesenti. Pa makadi a NVIDIA iyi ndiyo imadziwika kwambiri kuti imachedwa kuyankha, ndipo osewera ambiri anachira atangoizimitsa. Kenako zimitsani mavoteji, kenako kutentha ndi liwiro la kachigawo (core) kalikonse ka CPU pakokhapakokha, chifukwa simungawerenge manambala khumi ndi awiri wosewera kumbuyo akukuthamangitsani. Apa pali msampha umene wagwira anthu ambiri. Kuchotsa chongo pa "Show in On-Screen Display" kumangobisa nambalayo pa sikirini, koma kuseri Afterburner imapitirizabe kufunsa. Chongo choyenera kuchotsa ndi chimene chili kumanzere kwa dzina la sensayo pa mndandanda. N'chimodzimodzi ndi batani lozimitsira manambala pakati pa gemu: limabisa, silitontholetsa. Ngati ndinu wokonda kuona ndi maso, tsegulani zenera la magirafu la Afterburner, dinani batani lakumanja la mausi, muyatse profiler panel. Imaonetsa masensa amene akutenga nthawi yaitali kuyankha, ndiye simuchita kulota. Onaninso kuti "Log history to file" siyochongedwa, pokhapokha pa tsiku limene mukufufuza chinachake.

HWiNFO ine ndimaitenga ngati sing'anga wa ku chipatala chachikulu. Imaona chilichonse, mpaka zinthu zimene simumadziwa kuti zili ndi sensa, ndipo pofufuza matenda palibe yoiposa. Koma munthu sayenda ndi dokotala kumunda. Poseweretsa gemu itsekeni. Ngati pali chifukwa chenicheni choisiyira, dinani batani lakumanja pa gulu la masensa osafunika musankhe "Disable Monitoring", osati "Hide", pa chifukwa chomwe chija: chobisika chimafunsidwabe. Magulu awiri oyamba kuwakayikira ndi a S.M.A.R.T., amene amafunsa disiki za thanzi lake, makamaka ngati muli ndi hard disk yakale yozungulira kapena yakunja yolumikiza pa USB, ndiponso a Embedded Controller aja. HWiNFO yeniyeniyo imachenjeza ikapeza masensa ena a mtundu umenewu kuti kuwawerenga kungachedwetse kompyuta, koma ambiri timangodina Continue osawerenga. Mu Settings, pa tsamba la Safety, pali "EC Support" imene mungathe kuizimitsa.

Za NVIDIA App ndi nkhani ina. Pulogalamuyi inatuluka mwalamulo mu Novembala 2024 kulowa m'malo mwa GeForce Experience, ndipo mu Disembala chaka chomwecho a Tom's Hardware anayeza n'kupeza kuti m'magemu ena ma FPS amatsika mpaka ndi 15 peresenti ikakhalamo. Gwero linapezeka kuti ndi gawo lotchedwa "Game Filters and Photo Mode", limene linkakhala loyaka ngakhale munthu sakuligwiritsa ntchito. NVIDIA inavomereza, ndipo mu mtundu wotsatira inalisiya lozima. Ndikutchula izi chifukwa kuno ambirife timaika mapulogalamu kuchokera pa fulashi ya mnzathu, ndiye mutha kukhala ndi mtundu wakale womwewo. Lowani mu Settings, pa Features, muone pansi pa Overlay, muzimitse, kenako mutseke gemu n'kuitsegulanso. Dziwani kuti ili ndi vuto la mtundu wina. Silitulutsa minga, limangokweza mzere wonse wa frametime pang'ono, ndiye ma FPS amakhala otsika nthawi yonse. Munthu atha kukhala ndi matenda onse awiri nthawi imodzi, kuchiza amodzi ena n'kutsala.

Nkhaniyi ikutifikitsa pa zolemba pamwamba pa gemu, zimene osewera amazitcha ma overlay. Tawerengani amene ali mu laputopu yanu. RTSS ndi mmodzi. Wa NVIDIA wotsegulidwa ndi Alt+Z ndi wachiwiri. Steam ili ndi wake pa Shift+Tab, Discord ili ndi wake woonetsa amene akulankhula, ndipo Windows ili ndi Game Bar pa Win+G. Amene ali ndi makadi a AMD ali ndi wawo wa mu Adrenalin. Ena mwa awa amalowa m'kati mwa gemu n'kudikira pa mzere felemu isanatumizidwe ku sikirini, aliyense n'kulembapo zake. Ena amaika zenera loonekera pamwamba pa gemu, zimene nthawi zina zimakakamiza Windows kuti iyambe yaphatikiza zithunzi ziwirizo m'malo mongoipatsa gemu njira yolunjika ku sikirini. Mmodzi yekha sapweteka kwenikweni. Akakhala anayi amayamba kupondana. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Siyani mmodzi. Mukafika pa Game Bar, lowaninso mu Settings ya Windows, pa Gaming, pa Captures, muzimitse "Record what happened". Imeneyo imajambula vidiyo nthawi yonse mukusewera n'cholinga choti mukagoletsa chigoli chokongola musunge masekondi 30 apitawo, ndipo pa laputopu ya RAM ya 8 GB ntchito imeneyo siyaulere.

Kumbukirani kuti kudina X pakona sikutseka pulogalamu zoterezi. Zambiri zimangothawira pansi kufupi ndi wotchi, zina zimasiya ntchito yobisika ikuyenda ngakhale kachizindikiro kake kulibe. Chaka chatha mnyamata wina amene ali ndi kashopu ka magemu kufupi ndi msika anandiitana chifukwa imodzi mwa makompyuta ake inkadukiza, anyamata n'kumaikana. Inali yokongola kuposa zinzake, ya galasi pambali, mafani owala mitundumitundu. Anali atachotsa kale zoyezera zonse, anasintha thermal paste, anasinthanitsa RAM ndi kompyuta ina, osatheka. Ndinakhala pa benchi, ndinaimitsa wosewera pakati pa bwalo la kuyeserera, n'kumagogoda tebulo ndi chala nthawi iliyonse chithunzi chikagwedera. Anyamata amene ankadikira ndalama zili m'manja anayamba kuseka, wina mpaka kuwomba m'manja motsatira. Anali kamnyamata kameneko amene anati, "Akulu, ikumenya kamodzi pa masekondi awiri." Tinatsegula Task Manager, pa tsamba la Services, tinapeza kantchito ka pulogalamu yolamulira kuwala kwa mafani, imene mwiniwake anaitseka miyezi yapitayo n'kuiiwala. Kankawerengabe kutentha kuti mitundu ya magetsi izisintha motsatira. Titakaimitsa, mafani anatsala pa mtundu umodzi ndipo kugogoda kunatha. Mwini shopu anadandaula pang'ono za utawaleza wake, koma madzulo ake kompyuta ija inali ndi mzere wa odikira.

Ndiye inunso dinani Ctrl+Shift+Esc, muone pa Startup apps zimene zimadzuka limodzi ndi Windows, muzimitse zoyezera zonse, muyambitsenso laputopu. Ngati kudukiza kukadalipo, lembani msconfig posakira pa Windows n'kuitsegula, pa Services muyambe mwachonga "Hide all Microsoft services" musanadine "Disable all". Musalumphe chongo chimenecho. Mukayambitsanso kompyuta n'kupeza gemu ikuyenda myaa, bwezerani ntchitozo chimodzichimodzi, kapena theka ndi theka kuti mufulumire, mpaka minga ibwerere. N'zotopetsa, zitha kukudyerani madzulo athunthu, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Chenjezo limodzi pa laputopu: pulogalamu ya mafani ya wopanga makinawo nthawi zina ndiyo imasankha kuti laputopu iyende pa mphamvu zonse kapena ayi, ndiye mukaizimitsa ma FPS atha kutsika pa chifukwa china. Ikakhala kuti ndiyo yolakwa, yesani kaye kutseka zenera lake loonetsa manambala n'kusiya gawo lolamulira mafani.

Mukafuna kuyeza mwachilungamo kuti mwapindula bwanji, pali CapFrameX, yaulere, imene imagwiritsa ntchito PresentMon ya Intel. PresentMon siifunsa tizipangizo tija kuti idziwe nthawi ya mafelemu, imangowerenga kaundula amene Windows imalemba felemu iliyonse ikatumizidwa. CapFrameX nayo ili ndi gawo lake lolemba masensa, lizimitseni poyamba. GTA V ili ndi benchmark (njira yoyezera liwiro la gemu) yakeyake m'gawo la Graphics, imene imadutsa njira yomweyo ulendo uliwonse. Ithamangitseni katatu alonda ali maso, katatu atachotsedwa, ndipo ulendo woyamba musauwerengere. Nambala yoyang'ana ndi 1% low, imene imaonetsa mmene mafelemu ochedwetsetsa akuyendera. Avereji itha kusuntha pang'ono chabe pomwe 1% low yakwera moonekeratu, ndipo kukwera kumeneko ndiko manja anu amamva.

Tsono kuti ndisakupusitseni, si kudukiza konse kumachokera ku zoyezera, ndipo kwina kumadziwika ndi kayendedwe kake. Kwa kutentha kumayamba patapita mphindi khumi kapena kupitirira, ma FPS amatsika pang'onopang'ono n'kukhala pansi, mafani akulira ngati chigayo. Ma CPU ambiri a Intel amayamba kudzichepetsera liwiro akafika pa madigiri 100, ma GPU a NVIDIA a m'malaputopu cha m'ma 87. Inu pa 78 simunafike, ngakhale simunanene ngati 78 imeneyo ndi ya CPU kapena ya GPU, ndiye muone zonse ziwiri. Kwa batire n'kodziwika kwa tonse chiyambire chilala cha 2024 chimene chinachepetsa madzi ku Kariba: malaiti akangopita, laputopu imachepetsa mphamvu ya GPU, ndipo Battery Boost ya NVIDIA imatsekera ma FPS, kawirikawiri pa 30. Musayeze chilichonse chaja ili yozula. Kudukiza kochitika mukalowa malo atsopano kapena chinthu chikaphulika koyamba, ulendo wachiwiri osachitikanso, ndi gemu ikukonza ma shader (timapulogalamu touza GPU mmene ijambulire), makamaka mukangosintha madalaivala, ndipo kumatha kokha. Kochitika mukamathamangitsa galimoto kudutsa mumzinda, disiki ili kalikiliki, ndi RAM (mosungira zinthu kwakanthawi gemu ikamayenda) kapena VRAM (RAM ya GPU) yodzaza. Pa 8 GB Chrome ili yotsegula kumbuyo zimenezi sizachilendo, ndipo RTX 3050 zambiri za m'malaputopu zili ndi VRAM ya 4 GB yokha, ndiye tsitsani texture quality. Osewera akamalumpha malo pa intaneti pomwe mzere wa frametime wagona, imeneyo ndi netiweki, laputopu ilibe mlandu.

Chinthu china chimene sindingachisiye chifukwa cha nkhani ya mafulashi ija. Afterburner munaitenga kuti? Mu 2021 MSI inachenjeza za tsamba labodza lofanana ndi lawo, ndipo mu Novembala 2022 kampani yofufuza za chitetezo ya Cyble inapeza masamba ambiri abodza ogawa Afterburner yokhala ndi pulogalamu yokumba ndalama za crypto pamodzi ndi yoba mapasiwedi. Yokumbayo imadya mphamvu ya kompyuta yanu kupindulitsa munthu amene simudzamuona, ndipo ina imadziwa kubisala mukatsegula Task Manager. Chizindikiro chake ndi laputopu yotentha, mafani akuthamanga, pomwe simunatsegule chilichonse. Ngati simukudziwa kumene mnzanu anaitenga, ichotseni, muchite sikani yathunthu ndi Windows Security, musinthe mapasiwedi a Steam ndi imelo, kenako muitenge pa tsamba la MSI lenileni kapena pa Guru3D. Fayiloyo siikulu, siingakutherani bandulo.

Mukandifunsa zimene ine ndingasiye pa laputopu ngati yanuyo, ndi Afterburner ndi RTSS basi, zikufunsa zinthu zisanu: ma FPS, mzere wa frametime, kutentha kwa GPU, kutentha kwa CPU konse pamodzi, ndi GPU usage. Polling period ndingaiike pa 2000. Ndipo zimenezo ndingaziyatse tsiku limene ndaika gemu yatsopano kapena ndasintha ma setting, masiku enawo n'kusewera sikirini ili yoyera. Kuyang'anitsitsa nambala sikuziziritsa makina. Laputopu imadziteteza yokha, imatsitsa liwiro ndipo zikafika poipa imazima isanapse. Chimene chimathandizadi mu Okutobala wathu ndi kuichotsa pa bedi ndi pa bulangete, kuitukula kumbuyo ndi zotsekera mabotolo ziwiri kapena kabuku kuti mpweya uzilowa pansi, ndi kupukusa fumbi m'mafani, chifukwa fumbi la Ogasiti ndi Seputembala limakhala litaunjikana m'menemo ngati thonje. Thermal paste muidzasinthe mukaona CPU ikugunda m'ma 95 kupita m'mwamba fumbi litachotsedwa kale.

Mukachita zonsezi minga n'kukhalapobe alonda onse atachoka, jambulani mzere wa frametime ndi foni kwa masekondi 20 mutaima malo amodzi, chaja ili yolumikiza, munditumizire. Mulembenso mtundu weniweni wa laputopu monga walembedwera pansi pake, ngati gemu ili pa SSD kapena pa hard disk, ndiponso ngati RAM ya 8 GB ija ndi kamtengo kamodzi kapena tiwiri ta 4 GB. Task Manager imaonetsa zimenezi pa Performance, pa Memory, pamene palembedwa "Slots used".